Mafuta Amene Ndinataya Kudzala

Loweruka la mlungu wa mgonero anthu a pampingo pathu, kuno kwa Kabudula, amabwera ndi zikwakwa kudzatchetcha udzu kuzungulira tchalitchi. Tsiku limenelo ine sindipitako. Akulu a mpingo amati ndi miyendo, ndipo ndimawasiya aganize choncho. Koma si miyendo. Ndi fungo la udzu wongotchetcha kumene. Likangondipeza, pakhosi pamayamba kukereketa, ndipo ndimadziona nditaima kuseri kwa khitchini ina ya kutali ndi kuno, botolo lili m'manja, ndikulipendeketsa pang'onopang'ono.

Kulemba ndaphunzira imvi zitadzaza kale mutu, choncho ndilemba monga ndimayankhulira. Mayina sinditchula. Eni ake ambiri anagona, ndipo amene atsala sanalakwe kanthu.

Ndinagwira ntchito ya ukhukhi zaka makumi awiri ndi ziwiri pa esiteti ina ya fodya. Ukatsika basi pa Namitete unkasiya tala n'kulowa msewu wafumbi, kuyenda mpaka utaona zigafa zitandanda ndi tinyumba ta matenanti ochokera ku Phalombe ndi ku Thyolo. Nyumba ya bwana inali pakamtunda, yamalata ofiira. Bwana anga anali mzungu, koma osati Mngelezi. Kwawo kunali pachilumba china cha kunyanja zamchere, kumene ankati miyala ndi yambiri kuposa dothi. Anabwera kuno ali mnyamata, akazi awo anamwalira opanda mwana ine ndisanayambe ntchito, ndipo m'nyumba yonse ija tinali awiri basi. Chichewa ankayankhula ndithu, ngakhale chinkatuluka chokhota ngati mpini wosema munthu wophunzira kumene. Aliyense kwa iwo anali "iwe", ngakhale abusa. Ine ankanditcha mlaliki chifukwa ndinkapemphera ndisanakoleze moto. Akandiseka kwambiri ndinkawabwezera kuti, "Bwana, samalani, tsiku la chiweruzo mboni yanu ndine." Ankaseka mpaka kugwira m'nthiti.

Chakudya chawo cham'mawa sichinkasintha: buledi wowamba pamakala, tomato wodula, mchere, ndi mafuta a azitona othira pamwamba osaphika. Azitona ine ndinkangowamva kutchalitchi, sindinkadziwa kuti alipo anthu amoyo amene amawadya. Mafutawo ankabwera m'zitini kuchokera ku Lilongwe. Anali achikasu, ofatsa pakamwa, opanda fungo lenileni. Bwana ankathira uku akudandaula. Ankati amenewa kwawo sadya, amathira munyale. Mafuta enieni, ankatero, ndi a mitengo ya bambo awo, mtundu wa azitona ang'onoang'ono ngati masawu, wosapezeka kwina kulikonse koma paphiri lawo lokha, ndipo ngakhale pamenepo mitengo yake inatsala yowerengeka. Zipatsozo amathyola zisanapse, n'kupera pamwala tsiku lomwelo, osayandikiza moto, n'kutenga mafuta oyamba kutsika okhawo. Ine ndinkakumbukira mayi anga akukazinga nsatsi, kusinja, kuwiritsa, n'kuwengula mafuta pamwamba, ndipo sindinkamvetsa kuti mafuta angatuluke bwanji popanda moto. Ndikafunsa kuti nanga amakoma bwanji, ankangopsompsona nsonga za zala n'kunena kuti munthu wokulira nsinjiro sangadziwe. Za kakomedwe kake sanandiuze choposa pamenepo, ndipo ine sindinafunsenso.

Mitengo imeneyo ndi imene inawadanitsa ndi mlongo wawo. Anabadwa awiri okha. Bambo awo atamwalira, bwana ali kuno, mlongoyo ndi mwamuna wake anatenga munda wonse. Panayenda makalata aukali, nkhani inafika kubwalo la milandu kwawoko, ndipo bwana analumbira kuti sadzapondakonso. Zaka zoposa makumi atatu zinadutsa popanda moni. Chithunzi cha mlongoyo chinali pansi pa zovala m'bokosi lachitsulo limene anabwera nalo. Ndinkachiona ndikamayanika zovalazo padzuwa, ndipo ndinkachibwezera mozondotsa monga ndinachipezera.

M'zaka zoyambirira za matipate, fodya atayamba kulimidwa ndi aliyense m'midzi, esiteti inayamba kufooka, ndipo bwana nawonso anafooka. Miyendo inatupa. Mpweya unkawathera akangokwera masitepe atatu a pakhonde. Ku Lilongwe kunali mzungu wina wakwawo, mwini sitolo imene tinkagulako zitini zija, ndipo ndiye anatumiza uthenga kwawo kuti munthu wadwala. Patapita miyezi iwiri inabwera kalata. Bwana anaiwerenga pakhonde katatu, nkhomaliro osaikhudza. Nditabwera kudzachotsa mbale anandigwira pamkono.

"Mlaliki, akuti anditumizira mafuta a chaka chino. A mitengo ya bambo."

Ndinafunsa kuti ndani, ngakhale ndinkadziwa.

"Mlongo wanga. Mwamuna wake uja anafa. Mafutawo akakhala enieni, ndiye kuti wapepesa. Kwathu sitipepesa ndi pakamwa."

Tsiku lomwelo anayamba kulemba yankho. Ankalemba pang'ono tsiku lililonse, n'kutsamiza pepalalo ndi mwala patebulo. Anati adzamaliza akalawa.

Ine nkhaniyi sinandisangalatse, ndipo ndiyenera kufotokoza chifukwa chake. Ndili mnyamata, atsibweni anga analimbirana dimba la kudambo ndi msuweni wawo zaka zambiri. Tsiku lina kunabwera chipanda cha thobwa kuchokera kwa msuweniyo, ndi mawu akuti zakale zithe. Wobweretsa uja sanayambe wamwako. Atsibweni anakondwa, anamwa, ndipo tsiku lachitatu tinawaika m'manda. Kaya chinawapha n'chiyani, lero sindingalumbire. Koma kwathu mwana aliyense amakula akudziwa kuti chakudya chochokera kwa munthu amene munakanganirana naye malo sichidyedwa mwini wake asanalawe pamaso panu. Ndipo chimafika nthawi imene mwafooka, chitavala mawu okoma. Apa mwini chakudya anali kutsidya kwa nyanja. Akanalawa ndani? Ndinali mkhristu wodya mgonero, koma mantha a atsibweni anali akale mwa ine kuposa ubatizo wanga.

Botolo linafika Lachiwiri, bwana atawatengera kuchipatala kutauni kuti akachotsedwe madzi m'thupi. Analibweretsa mwini sitolo uja, litakulungidwa m'juzi. Anandiuza kuti ndiike pamalo amdima, kutali ndi mbaula, n'kubwerera nthawi yomweyo. Linali botolo lakuda, lotsekedwa ndi chotsekera chofewa ngati chitsononkho, pamwamba atamangapo kansalu ndi ulusi. Pamimba pake panamatidwa kapepala kolembedwa pamanja. Kuwerenga sindinkadziwa, koma mawu a pamwamba ndinawazindikira maonekedwe ake, chifukwa ndi omwewo anapakidwa ndi penti pabokosi lachitsulo lija. Linali dzina la bwana. Pansi pake panali mizere ina iwiri.

Ndinaligoneka m'kabati tsiku lathunthu. Lachitatu m'mawa ndinamasula ulusi mosamala, ndikuloweza mfundo yake, n'kuthira pang'ono pasupuni.

Sanali achikasu. Anali obiriwira, a mbuu ngati madzi owiritsira chisoso, ndipo nditayang'anitsa botolo padzuwa ndinaona tinthu titakhazikika pansi ngati masese. Fungo lake linali la udzu wosweka, la masamba aawisi ofikisa m'manja, fungo limene ndinkalidziwa m'zikho za asing'anga osati m'khitchini. Ndinapemphera, n'kumeza. Poyamba panalibe kanthu. Kenaka lilime linawawa ngati ndatafuna khungwa, ndipo pansi pakhosi panayaka ngati ndameza tsabola wa kambuzi. Ndinatsokomola kamodzi, kawiri, katatu, misozi ili chuchuchu. Ndinathamangira kumtsuko kukachukucha m'kamwa. Zaka zonse zija ndikuthira mafuta a azitona pabuledi, sanandilumepo pakhosi. Mafuta a mtedza akawawa timati aonongeka, timataya. Nanga awa, owawa ndi ootcha, obiriwira, ochokera kwa munthu wolanda munda?

Ndinanyika nyenyeswa za buledi m'mafutamo n'kuponyera nkhuku yathadzi imene inkakonda kuzungulira pakhomo la khitchini. Inadya zonse n'kumafunanso zina. Ndinailonda mpaka dzuwa kupendeka. Inapalasa, inasamba fumbi, inaikira dzira. Munthu wanzeru akanalekera pomwepo. Koma ine ndinadziuza kuti mankhwala otumizidwa amadziwa mwini wake, sagwira nkhuku, sagwira khukhi. Nanga dzina analembera chiyani pabotolo? Chinthu chimene chikanandiuza kuti iyi ndi mphatso ndi chomwe chinanditsimikizira kuti ndi imfa.

Lachinayi dzuwa litakwera ndinapita kuseri kwa khitchini, kudzala kumene ndinkataya phulusa, pansi pa mtengo wa papaya. Ndinapendeketsa botolo. Mafuta anatuluka mwaulesi, akuwala, n'kulowa m'phulusa osachita phokoso. Fungo lija linadzaza malo onse. Ndinafotsera ndi khasu. Botolo ndinalitsuka ndi madzi otentha, ndikuteteza kapepala kuti kasanyowe, ndinaliumitsa, n'kulidzaza ndi mafuta a m'chitini. Azitona ndi azitona, ndinatero mumtima. Ndinabwezera chotsekera, kansalu ndi mfundo ija. Ndinasamba m'manja ndikumva ngati munthu amene wapha njoka pamphasa ya mwana.

Bwana anabwera Lachisanu. Atamva kuti botolo lafika anati ndiwamete ndevu. Anavala malaya oyera. Anati ndiwambe buledi, tomato ayi, ndibweretse kambale koyera. Anakhala patebulo, botolo analigwira ndi manja awiri, anawerenga kapepala kaja milomo ikugwedera. Anamasula okha ulusi, zala zikuwakanika, osalola kuti ndiwathandize.

Atangothira m'kambale nkhope inasintha. Anakayang'ana nthawi yaitali. Anakanyamula n'kununkhiza. Kenaka ananyika buledi, n'kutafuna pang'onopang'ono ngati munthu wofunafuna mwala mumpunga. Anadikira. Ine ndinali chiimire pakhomo ndi kansalu kopukutira mbale, ndikudikira nawo, osadziwa chimene tikudikira.

"Mlaliki, botololi linatsegulidwa?"

"Iyayi, bwana. Lili monga linabwerera."

Anandiyang'ana, n'kugwedeza mutu pang'ono. "Eya. Iwe sunama. Zaka zonsezi ngakhale shuga wa pasupuni sunanditengere."

Zinali zoona. Bodza langa linayenda chifukwa ndinali ndisanawanamizepo.

Anakankha kambale kaja. Anayankhula motsitsa, osati kwa ine kwenikweni. Anati awa ndi mafuta a nyale, ndipo kwawo nyale zotere amayatsa pamanda. Mlongo wawo wamva kuti akufa, ndiye wawatumiziratu mafuta a pamanda pawo, m'botolo la bambo awo, atalembapo dzina. Anachotsa mwala uja pakalata ya masamba anayi imene ankalemba, anaipinda, n'kundipatsa kuti ndikaponye mumbaula. Ndinakaponya. Ndinaimirira mpaka inapsa yonse. Mumtima ndinkati kukwiya kuli bwino kuposa kufa.

Lamulungu lotsatira, chakumasana, lamya ya m'chipinda chochezera inalira. Bwana anati ndiyankhe, ndipo akakhala mayi woyankhula chakwawo ndinene kuti agona. Analidi mlongo wawo uja. Mawu a mayi wokalamba, aang'ono, obwera ngati akuchokera pansi pa chitsime. Anatchula dzina la bwana mokweza kumapeto, monga amaitanira mwana amene wachedwa kudambo. Ndinanena m'Chingelezi changa cha kukhitchini kuti bwana agona. Anatchulanso dzinalo. Ndinabwereza. Ndinamva kupuma kwake, kenaka lamya inaduka. Anaimbanso Lamulungu linalo, ndi linalo, masabata asanu ndi awiri. Bwana ankakhala pampando pomwepo, akuyang'ana khoma, ndipo ndikaika lamya pansi ankafunsa kuti wati chiyani. Ndinkati angotchula dzina lanu. Mpaka lero, ndikakhala ndekha masana kunja kuli zii, dzina limenelo ndimalimva likuitanidwa, ndipo pakamwa panga pamakonzeka kuyankha kuti agona.

Choonadi ndinachidziwa m'mwezi wa Malichi, bwana akadali moyo. Ichi ndi chimene chimandilemera kuposa kutaya kuja. Unali m'mawa, ndikuwasambitsa mapazi m'beseni. Kunja matenanti awiri ankatchetcha udzu wa pabwalo, umene unakula kwambiri ndi mvula. Bwana anati nditsegule zenera. Anakoka mpweya, maso atatseka.

"Ukumva, mlaliki? Fungo lake ndi limeneli."

Ndinafunsa kuti la chiyani.

Anati la mafuta a bambo awo. Ndipo tsiku limenelo, popanda kuwafunsa, anandiuza zonse zimene sanandiuze zaka makumi awiri ndi ziwiri. Anati mafuta oyamba amatuluka obiriwira, a mbuu, osasefa. Amawawa palilime, ndipo akafika pakhosi amaluma. Akapanda kuluma ndiye kuti ndi akale kapena osakaniza. Bambo awo ankawaika iwo ndi mlongo wawo pamwala woperera, kuwapatsa buledi wonyika, n'kumawerenga ndi zala kuti ana atsokomola kangati. Kamodzi, chaka chabwino. Katatu, chaka chosaiwalika. Mlongo wawo ankayesetsa kudzigwira kuti asatsokomole, nkhope mpaka kufiira, n'kuphulika pamapeto, onse n'kuseka.

"Anali wamakani kuyambira ali kamwana," anatero, akumwetulira. Kenaka kumwetulirako kunazima. "Koma sindinkadziwa kuti ndi wankhanza."

Ine ndinali chigwadire, phazi lawo lotupa lili m'manja mwanga. Madzi a m'beseni anazizira ndili pomwepo. Mawu anali okonzeka, ochepa chabe. Ndinatenga thaulo, ndinawapukuta mapazi, n'kunyamula beseni kukataya madzi. Kudzala kuja dothi linali likadali lakuda pamalo paja, nyerere zitapanga njira.

Madzulo ake, nditabwerera ku kanyumba kathu ka antchito, ndinawauza akazi anga zonse. Anasiya kupeta, n'kundiyang'ana. Anati, "Bambo, kaneneni lero. Munthuyo ali panjira." Ndinati ndikanena mawa, akadzuka ndi mphamvu.

Bwana anakhalabe ndi moyo masiku ena khumi ndi limodzi. Tsiku lililonse ndinkalowa m'chipinda mwawo ndi mawu pakamwa, n'kutuluka nawo. Kwa zaka zambiri ndinkadziuza kuti ndinkaopa kuwapha ndi mkwiyo, mtima wawo unali wofooka. Pano ndakalamba, palibenso womunamiza. Sindinkaopa kuchotsedwa ntchito, ntchitoyo inali ikutha kale. Ndinkaopa maso awo. Munthu uja anali atataya dziko lake, akazi ake, mlongo wake, ndipo anatsala ndi chinthu chimodzi chimene ankachikhulupirira, kuti khukhi wake sanama. Ndikananena, akanapezanso mlongo wawo, koma ine ndikanatsika pamalo pamene anandiika. Ndinasankha kukhalabe pamalopo.

Tsiku lachisanu ndi chinayi, munthu amene ankandiseka chifukwa cha mapemphero anandipempha kuti ndimupempherere. Ndinagwada pambali pa bedi. Ndisanayambe anandigwira phewa.

"Upempherere ine, ndi iwe, ndi matenanti. Mlongo wanga usamutchule."

Khomo lina lotseguka kuposa limenelo silikanapezeka. Ndinatseka maso n'kupemphera monga anandiuzira.

Anamwalira m'mawa, dzuwa litangofika pazenera. Tinawaika pa esiteti pomwepo, pafupi ndi akazi awo, pansi pa kamtengo ka azitona kamene anadzala kalekale, kamene kankangophuka masamba otuwa osabala chipatso ngakhale chimodzi. Matenanti anaimba nyimbo za kwawo. Mwini sitolo anabweretsa kanyale kagalasi monga amachitira kwawo, ndipo anafunsa ngati m'nyumba muli mafuta. Ndinabweretsa botolo lija. Choncho mawu a bwana anakwaniritsidwa, ndipo anawakwaniritsa ndine.

M'nyengo yozizira, fodya atapita kumsika, kunabwera galimoto ya mwini sitolo. Munatsika mayi wamfupi, wovala zakuda kuyambira kumutu, woyenda ndi ndodo. Mphuno ndi zikope zinali za bwana. Ndinamudziwa asanayankhule, ndipo atayankhula, mawu aja a pansi pa chitsime tsopano anali pamaso panga. Ndinawatsogolera kumanda. Mayiyo anakhala pansi, pafumbi, anasisita mtumbira ndi chikhatho, akuyankhula motsitsa nthawi yaitali. Anathyola tsamba la kamtengo kaja, analinunkhiza, n'kugwedeza mutu.

Kenaka anatulutsa m'chikwama kabotolo kakang'ono ndi buledi. Ananyema, anathira mafuta obiriwira aja, anadya yekha choyamba, n'kupatsa mwini sitolo, n'kundipatsa ine. Analawa yekha choyamba, pamaso panga, monga mwambo wakwathu umafunira, popanda womuuza. Ndinalandira ndi manja awiri. Kuwawa kuja, moto uja pakhosi. Ndinayesa kudzigwira koma ndinatsokomola. Mayiyo anatukula chala chimodzi. Chachiwiri. Chachitatu. Anaseka misozi ikutsika.

Atapukuta m'maso anafunsa funso, ndipo mwini sitolo, amene ankadziwa Chichewa bwino, anamasulira. Akuti inu munali naye mpaka pamapeto. Kodi mafuta aja analawa? Nanga bwanji sanalembe, bwanji sanabwere palamya?

Ndinagwada pafumbi paja n'kunena zonse. Za atsibweni, za supuni, za nkhuku, za dzala, za chitini. Za kalata ya masamba anayi imene ndinaitentha ndi manja anga. Za masiku khumi ndi limodzi. Ndinayankhula nthawi yaitali, maso ali pansi. Nditamaliza ndinadikira kuti ndodo ija indigwere pamsana, ndipo ndikanaithokoza.

Mwini sitolo anayang'ana ine, anayang'ana mtumbira. Kenaka anatembenukira kwa mayiyo n'kuyankhula mawu ochepa, ochepa kwambiri poyerekeza ndi anga. Nkhope ya mayiyo inamasuka. Anakwawa ndi mawondo kufika pamene ndinali, anagwira manja anga onse awiri, manja omwe aja, n'kuwapsompsona.

Popita kugalimoto ndinamukoka mwini sitolo pambali n'kumufunsa chimene wanena. Anati wamuuza mayiyo kuti bwana analawa, anatsokomola katatu, analira ndi chimwemwe, koma analibenso mphamvu yogwira cholembera kapena kufika palamya.

"Koma si zimene ndanena, bwana."

"Ndamva zimene mwanena, madala. Mayiyu wayenda ulendo wautali, ndipo watsala ndi masiku ochepa. Katundu ameneyu ndi wanu. Musenze nokha."

Sananene mwaukali. Anatsegulira mayiyo chitseko, ndipo galimoto inapita, dzanja la mayiyo likundibayibitsa pazenera mpaka pa zigafa.

Kaya anachita bwino, sindidziwa. Wamoyo anapita ndi mtendere umene sunali woona. Wakufa anapita ndi mkwiyo umene sunali woona. Pakati pawo ndatsala ine, amene ndikudziwa.

Esiteti itagulitsidwa ndinabwerera kuno kwathu ndi katundu wochepa, ndi botolo lija lopanda kanthu. Nkhaniyi ndinakaiulula kwa abusa. Anandimvetsera bwino, anati Mulungu amakhululuka, ndipo ndimakhulupirira. Koma amene ndinawalakwira si Mulungu yekha. Akazi anga sanaitchulenso mpaka tsiku limene anamwalira, kungoti akaona ndatenga botolo kulipukuta ankatuluka panja.

Sukulu ya kwacha itatsegulidwa patchalitchi pathu ndinakalembetsa. Mwamuna ndinali ndekha pakati pa amayi, ndipo ankandiseka kuti agogo akufuna kuyamba kulemba makalata achikondi. Ndinkaseka nawo. Chimene ndinkafuna chinali chimodzi, kuwerenga mizere iwiri ija ya pansi pa dzina. Ndinkaganiza kuti ndikadziwa zilembo ndidzatha kuitchula, ndipo ndikadzapeza womasulira. Zaka ziwiri ndinalimbana ndi cholembera, zala zozolowera mpeni zikukana. Tsiku limene ndinawerenga ndekha chikwangwani cha pachigayo, ndinathamangira kunyumba n'kutsitsa botolo. Zilembo zake sizinali zathu. Zina zinkafanana, zina zinali ngati mbedza ndi mafoloko. Ndinapita nalo kwa aphunzitsi athu, mayi wodekha wa banja la aphunzitsi okhaokha. Analitembenuza uku ndi uku n'kunena kuti zimenezi sanazionepo. Mwini sitolo uja, nditakamufunafuna ku Lilongwe, ndinapeza anagulitsa n'kubwerera kwawo.

Chaka chilichonse tikakolola ndakhala ndikukwera minibasi mpaka pa Namitete, n'kutenga kabaza kukafika kumanda kuja. Eni atsopano amalima chimanga mpaka m'mphepete mwa mitumbira, koma amandilola kulowa. Ndimadikira kuti udzu uume kaye, ndipo ndimazula ndi manja, sinditchetcha. Ndikamaliza ndimakhala pansi pa kamtengo kaja n'kunena mokweza, m'Chichewa chimene ankachimva: bwana, botolo lija ndinatsegula ndine. Mlongo wanu anatumiza enieni. Anali obiriwira, ndipo ndinatsokomola katatu. Mawu onsewa satenga nthawi yoti madzi a m'beseni n'kuzizira. Ndimawanena, masamba otuwa aja amagwedera ndi mphepo, ndipo ndimadzuka kukafuna kabaza.

Chaka chino miyendo yatupadi, ngati ya bwana, ndipo sindinapite. M'malo mwake ndagula kope ili. Botolo lili patebulo pamene ndikulemba. Kapepala kake kachita chikasu, inki yayamba kuzilala, koma mizere iwiri ija ikuonekabe. Mwina imangonena chaka chimene anakolola ndi dzina la phiri. Mwina imati bwera kwanu. Bwana anaiwerenga milomo ikugwedera, asanathire m'kambale, ndipo kwa kanthawi kameneko anaikhulupirira.